Tagumula nyumba ya bambo ku Chilobwe: timange pa maziko akale kapena tikumbe ena?

Wachisamba

Abale ndithandizeni nzeru, makamaka inu amene munamangapo kapena ntchito yanu ndi yomanga. Nditalikitsa pang'ono kuti muone pamene pavuta.

Kwathu ndi ku Chilobwe. Nyumba anaimanga malemu bambo mu 1986 akugwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya Whitehead ku Makata: zipinda zitatu, pabalaza, ndi kakhonde koyang'ana kumsewu. Njerwa zake ndi zootcha koma anamangira dothi, simenti inangolowa pa pulasitala ndi pansi. Tonse asanu tinakulira momwemo. Bambo anatisiya mu 2016, mayi n'kutsala ndi zidzukulu ziwiri.

Namondwe wa Freddy atabwera mu Marichi 2023, matope ndi miyala ya m'phiri la Soche sizinatifike, ife tili cham'munsi ndithu, ndipo sindingadandaule mokweza pamene anzathu kumtunda anaika ana m'manda. Koma madzi anayenda masiku atatu osaleka kuseri kwa nyumba, akumenya pakona ya chipinda cha mayi. Mvula itakata tinapeza mng'alu wochokera pansi pa zenera, kukwera mopendekera mpaka kudenga. Poyamba munkalowa chala. Chaka chotsatira munkalowa dzanja, moti usiku mayi akayatsa tochi kuwala kunkaonekera panja. Tinamata kawiri, n'kutsegukanso. Chitseko cha chipindacho chinayamba kukhula pansi mpaka kusiya kutsekeka. Tinachirikiza khoma ndi mitengo ya bulugamu, koma mitambo ikangoda ine tulo kunalibe.

Mu Juni wapitayu tinagumula. Mayi anakana kuonerera, anapita kwa achemwali awo ku Chiradzulu mpaka sabata inatha. Anyamata anayi aganyu anasasula denga n'kutsitsa makoma mzere ndi mzere, ndipo poti zinali zomangira dothi njerwa zambiri zinatuluka zathunthu. Tapala n'kuunjika zoposa 7,000. Panopa mayi akugona mu boyizikota, mipando yawo ili kwanga ku Chimwankhunda kumene ndikuchita lendi, tikudutsa chammbali ngati nkhanu.

Nkhani yavuta apa. Bilidala amene tapeza akuti maziko akale tisawakhudze, anakhazikika kalekale, timange pomwepo tipulumutse simenti ndi masabata awiri. Amalume akuti ayi, tikumbe ena, koma chifukwa chake sakunena, akungoti "ndaona zambiri ine". Mchimwene wanga wa ku Cape Town, amene akutumiza ndalama zochuluka, akufuna mabuloko ndi pulani yatsopano ya bafa m'kati, ndipo tsiku lililonse akutumiza zithunzi pa WhatsApp za nyumba zimene ndalama zathu sizingafike ngakhale pa geti. Mayi akuti nyumba ikhale pomwe inali, khonde liyang'ane kumene linkayang'ana. Mafoni onsewa akulandira ndine.

Ndalama zilipo zotifikitsa mwina pa lintala (pamwamba pa mazenera ndi zitseko), ndipo Novembala sali patali. Kodi maziko akalewa tingawadalire? Nanga njerwa za zaka zonsezi n'kumangiranso?

Bilidala wa ku Ndirande

Achemwali, pepani ndi za nyumbayo. Ndamanga zaka zoposa 20, ndiyankha monga ndingamuuzire mlongo wanga.

Mng'alu mwaufotokozawo wanena kale zonse. Khoma likang'aluka mopendekera, kuchokera pa zenera kupita kukona, kumwamba kukukula kuposa pansi, chitseko n'kuyamba kukhula pansi, ndiye kuti konayo yatitimira. Njerwa zilibe mlandu. Chathawa ndi dothi la pansi pa maziko, ndipo maziko pamalo amenewo athyoka. Mukamanga khoma latsopano pamwamba pake, lomangira simenti, lokhala ndi ring beam (lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira pamwamba pa makoma), mwawasenzetsa katundu wolemera kuposa amene anawalephera uja. Mng'alu udzabwerera pomwepo, mwina mvula yachiwiri isanathe.

Mnzangayo sindikumunyoza, koma mumufunse funso limodzi: wakumba n'kuona? Ngati sanakumbe akungolota. Mawa lomwe pezani mnyamata ndi piki akumbe maenje anayi, kona iliyonse limodzi, panja, motsamira maziko, mpaka aone pamene athera. Ndi ntchito ya m'mawa umodzi. Muone kuti alowa pansi motalika bwanji, ndi a chiyani, ndipo dothi la pansi pake ndi lotani. Tengani chidutswa cha chitsulo chomangira cha Y12 (cha mamilimita 12) mubaye pansi pa dzenjelo ndi manja. Chikalowa ngati mukubaya nsima, palibe chomangapo. Nyumba zambiri za nthawi imeneyo m'makomboni mwathu muno maziko ake ndi miyala yoyala ndi dothi, kapena mizere itatu ya njerwa, konkire mulibe. Zinkaima chifukwa madzi anali ndi njira zawo. Pano kumtunda kwadzaza malata ndi mipanda, madzi onse akutsikira kwa amene ali m'munsi.

Atsopano mukumbe motere: m'lifupi masentimita 60 kapena 70, kuya mpaka mutapeza dothi lolimba loti piki ikudumpha, koma osachepera masentimita 60 ngakhale dothi lioneke labwino. Malo anu ngotsetsereka, ndiye pansi pa ngalande ya maziko padulidwe ngati masitepe, pasatsetsereke ndi malo. Konkire wa pansi akhale wokhuthala masentimita 20. Khoma la maziko likwere mizere inayi kapena isanu pamwamba pa dothi, kenako mankhwala a chiswe, kenako pepala lakuda lija la DPC, loletsa chinyezi kukwera m'khoma. Anthu amalidumpha pepalali poti ndi lotchipa ndipo silioneka, kenako n'kumadabwa kuti penti ikusupuka m'munsi mwa khoma chaka chilichonse.

Za njerwa, mangirani. Njerwa yootcha bwino sikalamba. Tengani ziwiri muziombanitse: ikalira kuti ngwee ndi yabwino, ikalira phu ikani pambali. Zingapo muziviike mu ndowa usiku wonse, m'mawa muone ngati zikufumbutuka mukakanda ndi chikhadabo. Zimene zinali m'mizere ya pansi, zoyera ngati zawazidwa mchere, zisalowe m'maziko. Zoduka muziphwanye zikhale zothira pansi musanaike silabu. Dothi lakale lichoke lonse, ndipo azizinyowetsa asanamange, apo ayi zimamwa madzi a m'matope a simenti khoma n'kukhala lofooka. Kasakanizidwe kake thumba limodzi la makilogalamu 50, mawilibala atatu a mchenga. Mukamva wina akuti asanu kapena asanu ndi limodzi "kuti ikwane", dziwani kuti akukumangirani nyumba ya dothi lotuwa. Brick force, waya uja woyala pakati pa mizere ya njerwa, azipita mizere itatu kapena inayi iliyonse. Ring beam musaikambirane n'komwe: zitsulo zinayi za Y12 kuzungulira nyumba yonse, konkire wake thumba limodzi, wilibala imodzi ya mchenga, awiri a kwale, ndipo waya womangira denga alowe m'menemo konkire asanaume. Muzithirira madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7.

Koma chachikulu kuposa zonsezi ndi madzi aja. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Pamene anadutsa mu 2023 adzadutsanso. Musanaike njerwa ndi imodzi yomwe, kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba, muiyale miyala ndi simenti, iwatengere madzi kumsewu. Kambiranani ndi aneba a m'munsi kuti musawathire m'nyumba, milandu ya madzi kuno imafika kwa amfumu chaka ndi chaka. Nyumba ikatha, kakhonde ka simenti kazungulire khoma lonse kuti madzi a m'malata asamagwere pa maziko.

Za Novembala musathamange nazo. Khoma lomangira simenti silisungunuka ndi mvula ngati zidina. Ndalama zikathera pa lintala, lekerani pomwepo, mudzafolera mukapeza malata. Bola mayi apirire mu boyizikota dzinja limodzi kusiyana ndi kugumula kachiwiri.

Mayi a ku Bangwe

Abambo a ku Ndirande anena za pansi pa dothi, ine ndinene za pa pepala, poti ndi pamene ndinapsa.

Puloti imeneyo ili m'dzina la ndani? Ngati ikadali m'dzina la malemu, imani kaye. Kwathu zinayenda chonchi. Nyumba ya makolo inagwa mbali imodzi ndi mvula ya 2015 ija. Mchimwene wathu wamkulu, amene anali ndi ntchito yabwino, anati musavutike ndimanga ndine. Tinaombera m'manja. Ife atsikana tinkatunga madzi, kuphikira amisiri, ine ndinatenga ngongole ku banki mkhonde n'kugula mafelemu onse a mazenera ku msika wa Ndirande. Palibe analemba kalikonse, tinkati ndife amodzi. Mchimweneyo atamwalira, alamu athu anabwera ndi chikwama cha malisiti a simenti ndi malata, onse m'dzina la amuna awo, n'kunena kuti nyumba ndi ya ana awo. Kunena zoona sankanama kwenikweni, ndalama zambiri zinalidi zawo. Koma malo anali a mayi athu, ndipo mayi anali moyo, akugona m'nyumba momwemo. Tinayenda kwa amfumu, kwa ankhoswe, kumpingo, zaka ziwiri. Lero tikakumana pamaliro timangopatsana moni wa pakamwa.

Sindikunena kuti achimwene anu a ku Cape Town ali ndi mtima woipa, ayi. Koma munthu amakwatira, amabereka, amamwalira, ndipo otsala sadziwa zimene munagwirizana pa foni. Khalani pansi nonse asanu, mayi ali pomwepo, amalume ali pomwepo, wakutaliyo pa video call. Mulembe kuti nyumba ikumangidwayi ndi ya mayi moyo wawo wonse, kuti aliyense waikapo zingati, ndi kuti mayi akadzapita idzakhala bwanji. Aliyense asaine, amfumu adinde. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limateteza mayi wamasiye ndi ana, ndipo kulanda katundu wamasiye ndi mlandu, koma kufika kukhoti ndi m'bale wako ndi chinthu chimene sindingafunire munthu.

Mupitenso ku khonsolo ya mzinda mukafunse za pulotiyo, ngati pali ngongole ya malo ndi za kuvomereza pulani. Ambiri timangomanga, ndikudziwa, koma inu mukusintha pulani n'kulowetsa bafa m'kati, ndiye pakufunika malo a septic tank, ndipo ndi bwino kudziwa malire anu enieni musanakumbe. Mita ya madzi ndi ya magetsi nazonso mukafunse ku Water Board ndi ku ESCOM kuti zisamutsidwe mwa dongosolo, osati mnyamata wa pa kona.

China, simenti. Musamugulire bilidala matumba 50 nthawi imodzi n'kumupatsa kiyi. Ine wanga ankandibwezera mapepala a matumba onse bwinobwino, ndikawerenga akukwana, osadziwa kuti thumba lililonse akupungula chidebe n'kubisa kuseri kwa bafa. Anandiululira ndi mwana wa aneba. Matumba azikhala mu boyizikota kwa mayi, azitulutsa okha m'mawa, ndipo pakhale munthu woona akusakaniza. Malipiro mugwirizane ndi masiteji: maziko, pa zenera, lintala, denga. Akamaliza siteji ndiye alandire. Mukampatsa zambiri poyamba mudzamupeza akumanga kwina ku Chirimba foni ili yozima.

Mnyamata wa Area 5

Ine ndigwirizana ndi achimwene a ku Cape Town pa mabuloko. Tayang'anani phiri la Ndirande ndi la Soche mmene ayerera, mbali ina ndi mauvuni a njerwa omwewa, kenako tikudabwa miyala ikutsika. Boma linaletsa kale njerwa zootcha mu 2018. Komanso buloko imathamanga: ya masentimita 40 kwa 20, khumi ndi awiri ndi theka akwana sikweya mita, bilidala amaliza khoma tsiku limodzi, simenti yomangira ndi pulasitala imalowa yochepa. Gulitsani njerwazo muonjezere mugule mabuloko, nyumba ioneke yamakono.

Bilidala wa ku Ndirande

Mphwanga, za mitengo wanena zoona, sinditsutsa. Koma lamulo la 2018 lija likukhudza nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda, silinafike pa mayi womanga pogona pake. Ndipo njerwa zimene akunenazi nkhuni zake zinapsa mu 1986. Kuzigwiritsanso ntchito sikugwetsa mtengo ndi umodzi womwe. Akazigulitsa, wogula azigula motchipa poti ndi zakale, iwo n'kukagula mabuloko pa mtengo wa lero. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chokhala ndi simenti m'kati sichinabwererenso pansi.

Mabuloko abwino alipo, ndimamangira. Koma ambiri a m'mbali mwa msewuwa amawaumba mokokera thumba limodzi kuti litulutse ochuluka, n'kuwayanika padzuwa osathirira. Ukakanda ndi kiyi mchenga ukuyoyoka. Ngati njerwa zapelewera, ndipo 7,000 zipelewera ndithu pa zipinda zitatu, gulani mabuloko a makoma a m'kati kapena a mbali yathunthu. Pogula nyamulani imodzi kufika m'chiuno muigwetse pa dothi lolimba. Ikamwazika, pitani kwina. Chimene sindifuna ndi kusakaniza njerwa ndi mabuloko m'khoma limodzi mwachisawawa, mizere yake siigwirizana.

Wachisamba

Zikomo nonse. Ndabwera kudzanena zimene tapeza, poti Loweruka tinakumba monga munanenera abambo a ku Ndirande.

Makona awiri a kutsogolo: miyala yoyala ndi dothi, kuya kwake osafika m'bondo, konkire palibe ngakhale pang'ono. Dothi la pansi pake ndi lofiira, louma, chitsulo chinakana kulowa. Bilidala wathu anayamba kumwetulira. Kona yachitatu chimodzimodzi. Titafika pa kona ya chipinda cha mayi, mnyamata anangomenya piki kawiri dothi n'kusintha mtundu, lakuda, lonyowa, mu Ogasiti muno. Anatulutsa mabotolo osweka, mabatire a wailesi, mbale yachitsulo yodyeka ndi dzimbiri, chidendene cha nsapato. Ndinabaya chitsulo ndi dzanja limodzi, chinalowa chonse mpaka ndinatsala pang'ono kugwera momwemo. Miyala ya maziko pamenepo inali itatsika n'kulekana ndi inzake, mpata wolowa phazi.

Mayi anali atakhala pa mpando pakhomo pa boyizikota akusankha nyemba. Ataona mbale ija anaitanitsa, n'kuitembenuza, n'kuti "iyi inali ya agogo anu". Kenako ndi pomwe ananena zimene tonse sitinkadziwa. Chipinda chawocho sichinamangidwe mu 1986. Pamalopo panali dzenje limene bambo ankakumbamo dothi loumbira njerwa za nyumba yomweyi, ndipo kwa zaka ankatayamo zinyalala. Ana titachuluka anakwirira n'kuonjezerapo chipinda. Ine ndinali wamng'ono, ndimangokumbukira kuti kunali mulu wa mchenga umene tinkaseweretsa. Ndinawafunsa kuti nanga amayi bwanji osanena nthawi yonseyi tikumata mng'alu? Anati "munandifunsa?" Amalume nawo akuti ankadziwa, anathandiza nawo kukwirira, koma sankafuna kuoneka ngati akunena malemu. Bilidala sanayankhulenso za kupulumutsa simenti.

Lamulungu tinakhala pansi monga munanenera mayi a ku Bangwe. Sizinayende mosalala. Achimwene anakhumudwa kaye, akuti ndiye mukundiyesa wakuba, foni inadulidwa kamodzi. Amalume ndi amene anawabweza, anawauza kuti pepalali likuteteza ana awo omwe. Talemba, tasaina anayi, iwo atumiza chithunzi cha saini yawo ndipo adzasainanso akabwera pa Khirisimasi. Bafa la m'kati tavomera, mayi mawondo akuvuta, kutuluka usiku sikulinso bwino. Zina za m'zithunzi zija zagwa. Ku khonsolo ndipita Lachitatu.

Tsono ndibwerenso kwa inu abambo. Dzenjelo tilichite bwanji? Tikasuntha nyumba kupita kutsogolo mamita awiri tilithawa, koma khonde lifika pa mtengo wa mango umene mayi sakufuna kuti udulidwe. Komanso pali kanthu kena. Pa sitepe ya khonde lakale bambo analemba ndi msomali simenti isanaume, "1986" ndi zilembo zoyamba za dzina lawo. Anyamata aganyu sanaiphwanye, ilipo. Mayi avomera zonse, maziko atsopano, ngalande, kudikira dzinja, koma akuti sitepe imeneyo ilowe m'nyumba yatsopano. Ingachoke osasweka?

Bilidala wa ku Ndirande

Dzenje lithaweni ngati malo alipo. Kulimanga n'kotheka, kukumba mpaka kudutsa zinyalala zonse n'kukweza ndi konkire ndi zitsulo, koma simukudziwa kuti likuthera pati, ndipo likhoza kudya simenti ya zipinda ziwiri. Yambani mwapeza m'mphepete mwake ndi chitsulo chija, muzibaya mita iliyonse, mukhome zikhomo. Maziko akhale kutali ndi zikhomozo mita imodzi ndi theka. Pamwamba pa dzenjelo mayi adzadzalepo masamba, dothi lake ndi manyowa okhaokha. Septic tank isapite pamenepo.

Mango ndi nyumba sizigwirizana zikayandikana kwambiri, mizu imalowa pansi pa maziko. M'malo mosuntha nyumba yonse, chipinda chimenecho chichoke kumbuyo chipite m'mbali, nyumba ikhale yopindika ngati L. Khonde likhala pomwe linali, mtengo ukhala, mayi ayang'ana kumsewu monga kale. Wojambula pulani amuuze zimenezi musanapite nayo ku khonsolo.

Sitepe ichoka. Asaimenye ndi hamala. Abwereke grinder adule mozungulira, kusiya mpata wa chikhatho kuchokera pa zilembo, akumbe pansi pake ndi manja, alowetse thabwa, anyamule anthu anayi ili chogona. Simenti ya pamwambayo mwina ndi yopyapyala ngati chala, ndiye inyamulidwe pamodzi ndi njerwa zimene yagwira. Muisunge pa mchenga mu boyizikota, osaiimika. Pobwezeretsa musaiike popondapo, zidzukulu zifufuta manambalawo ndi mapazi. Iikeni m'khoma la khonde, cham'mbali mwa chitseko, pamene pafika denga.

Lachitatu mukabwera ku khonsolo mutiuze kuti puloti yapezeka m'dzina la ndani.